Caka cimene cikho cinasowa mwini: mkangano wa osewera hockey ndi eni matimu

Pa cikho ca Stanley, cimene matimu a hockey a ku Canada ndi ku America amalimbirana caka ndi caka, amazokotapo maina a osewera a timu imene yapambana. Koma pa malo a caka ca 2005 palibe dzina la munthu aliyense. Pali mau ocepa cabe onena kuti m'nyengo ya 2004–05 masewera sanacitike. Cikhoci cinayamba kuperekedwa mu 1893, ndipo m'mbuyo monsemo cinali citasowa mwini kamodzi kokha, mu 1919, pamene mliri wa cimfine unagwetsa osewera. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse sizinaimitse mpikisanowu. Cimene cinauimitsa mu 2005 ndi mkangano wa ndalama pakati pa anchito ndi owalemba nchito.

Ena mwa inu awerengi athu munganene kuti awa ndi anthu okhuta okhaokha, olemera kukangana ndi olemera anzao, tilowererepo bwanji? Zoona, malipiro a kumeneko ndi oopsa. Koma tikaitsata bwino nkhaniyi kucokera kumene inayambira, tipeza kuti muzu wake ndi funso limene wanchito aliyense amalidziwa: kodi ndalama zimene nchito yathu yabala ndi zingati, ndipo aziwerenga ndani?

MASEWERA AKE NDI OTANI

Hockey ya pa madzi oundana ndi masewera a maiko ozizira. Osewera amabvala nsapato zokhala ndi citsulo cakuthwa kunsi kwake, namatsetsereka pa bwalo la madzi oundana akukankha kampira kakuda, kolimba ndi kophwatalala, ndi ndodo zokhota kunsonga. Timu iliyonse imalowetsa anthu 6 m'bwalo, kuwerengera ndi wa pagolo. Ndi masewera a liwiro ndi ogundana kwambiri, kotero kuti kuguluka mano, kuthyoka mafupa ndi kubvulala m'mutu si zacilendo. Osewera ambiri sakhalitsa pa nchitoyi. Pofika zaka za m'ma 30 thupi limakhala litatopa.

Ligi yaikulu ya masewerawa, National Hockey League, mwacidule NHL, inayamba mu 1917 mu mzinda wa Montreal. Ili ndi matimu 32, ndipo 7 mwa iwo ndi a ku Canada, otsalawo a ku America. Ndalama zake zimacokera ku matikiti a oonerera, ku makampani a wailesi yakanema ogula ufulu woonetsa masewera, kwa otsatsa malonda, ndi ku zogulitsa monga majezi ndi zakudya za m'bwalo. Madola amene tichule m'nkhani ino ndi a ku America.

FUNSO LA TED LINDSAY

M'zaka za m'ma 1950 ligi inali ndi matimu 6 okha, ndipo mphamvu zonse zinali m'manja mwa eni ake. Wosewera akasaina pangano ndi timu, sanali womasuka kupita kwina ngakhale panganolo litatha. Timu ndiyo inali ndi ufulu womusunga, kumugulitsa kapena kumutaya. Ambiri ankagwira nchito zina m'miyezi yopumula kuti adyetse mabanja ao.

Osewera ankadulidwa ndalama za penshoni caka ciliconse. Awiri mwa akatswiri a nthawiyo, Ted Lindsay wa timu ya Detroit Red Wings ndi Doug Harvey wa Montreal Canadiens, ankaimira anzao pa nkhani za penshonizo. Atafunsa kuti m'thumbamo muli ndalama zingati, yankho lomveka sanalipeze. Anthu awiriwa anali adani oopsa m'bwalo, koma anaona kuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Mu February 1957 analengeza kuti osewera apanga bungwe lao.

Eni matimu anakalipa. M'caka comweco Lindsay, amene anali atangomaliza nyengo yabwino koposa pa moyo wake wonse wa masewera, anatumizidwa ku timu ya Chicago, imene inali kumcira kwa ligi. Enanso amene anatsogolera anasamutsidwa m'matimu ao. Pofika 1958 bungwelo linali litafa, ngakhale kuti eni matimu anabvomera zinthu zingapo, monga kuika malipiro ocepetsetsa pa madola 7,000 pa caka. Mlandu wa Lindsay unali umodzi: anapempha kuona mabuku.

MBUSA ASANDUKA FISI

Bungwe lokhazikika la osewera, lochedwa NHLPA, linabadwa mu 1967, ndipo mtsogoleri wake anali loya wa ku Toronto, Alan Eagleson. Poyamba osewera anamuona ngati mpulumutsi. Ndiye anathandiza mnyamata Bobby Orr kupeza pangano labwino ku Boston, ndiponso anali m'gulu la okonza mpikisano wochuka wa Canada ndi Soviet Union mu 1972.

Koma munthu mmodziyo anasenza zipewa zambiri. Anali mtsogoleri wa bungwe, anali woimira osewera ambiri pa mapangano ao paokha, anali wokonza mipikisano ya maiko, komanso anali bwenzi la ponda apa n'pondepo la ena mwa eni matimu amene anayenera kulimbana nao pa tebulo. Kwa zaka zoposa 20 panalibe womufunsa bwinobwino. Amene anayesa, monga wosewera wakale Carl Brewer, ankaoneka ngati osokoneza.

Mtolankhani Russ Conway, wa nyuzipepala yaing'ono ya Eagle-Tribune ku Massachusetts, ndiye anafukula zobisika kuyambira 1991. Zinaoneka kuti ndalama za otsatsa malonda pa mipikisano ya maiko zinkapatutsidwa, ndiponso kuti osewera obvulala ankadyeredwa masuku pamutu pa ndalama zao za inshuwalansi. Mu January 1998 Eagleson anabvomera milandu ya cinyengo m'makhoti a ku Boston ndi ku Toronto. Anagamulidwa miyezi 18 m'ndende, nakhalamo miyezi 6, ndipo anacotsedwa pa uloya.

Mlandu suola. Pa nthawi yomweyo osewera opuma, kuphatikizapo Gordie Howe, anasumira ligi pa ndalama zotsala za m'thumba la penshoni. Mu 1992 khoti la ku Ontario linagamula mowakomera, ndipo pambuyo pake anabwezeredwa madola pafupifupi 40 miliyoni. Funso la Lindsay linayankhidwa patapita zaka 35, ena mwa eni ndalamazo atakalamba mu usiwa.

Tisaiwale mbiri imeneyi pamene tiwerenga zotsatirazi. Osewera amene anadzakangana ndi eni matimu m'zaka za m'ma 1990 ndi 2000 anakula akumva kuti atate ao ananamizidwa mbali zonse ziwiri. Munthu wotere ukamuuza kuti kampani ikutaya ndalama, sakhulupirira msanga.

MALIPIRO AONEKERA POYERA

Kale wosewera sankadziwa cimene mnzake alandira. Howe, amene anali katswiri woposa onse pa nthawi yake, anadzamva kwa mnzake wa m'timu momwemo kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kuti alipo ena omuposa malipiro. Mu 1990 osewera anayamba kuulula malipiro a aliyense. Kucokera pamenepo munthu ankalowa mu ofesi ya bwana ali ndi pepala m'manja: uje amalandira zakuti, ine ndamwetsa zigoli zomuposa, nanga ine bwanji?

Mu 1992 mtsogoleri watsopano wa bungwe, Bob Goodenow, anatsogolera sitalaka yoyamba ya ligi yonse, imene inatha masiku 10. Eni matimu nao anafuna munthu wolimba. Mu February 1993 anaika Gary Bettman, loya wocokera ku ligi ya basketball, kukhala mkulu wa NHL. Mu 1994 iwo ndiwo anayamba: anatseka zipata za mabwalo, nakana kuti osewera agwire nchito kapena kulandira malipiro kufikira pangano latsopano litapezeka. Kusiyana kwake ndi sitalaka ndi kumeneku, kuti pa sitalaka wanchito ndiye anyanyala, koma apa bwana ndiye atsekera wanchito panja. Kutsekako kunatha masiku 103, ndipo timu iliyonse inasewera masewera 48 m'malo mwa 84.

Malipiro anapitirira kukwera. M'nyengo ya 1990–91 wosewera ankalandira pafupifupi madola 271,000 pa caka tikagawa mofanana. Pofika 2003–04 anali pa madola 1.8 miliyoni. Ndani ankakweza? Eni matimu omwewo, polimbirana akatswiri. Matimu olemera a m'mizinda ikuluikulu ankapereka ndalama zimene matimu a m'mizinda yaing'ono sakanatha, ndipo ang'onowo ankakongola kuti asatsalire.

Matimu a ku Canada anali ndi bvuto linanso. Ankalandira ndalama za matikiti m'madola a ku Canada koma ankalipira osewera m'madola a ku America, pamene dola ya kwao inali kugwa mpaka kufika pa masenti pafupifupi 62 a ku America mu 2002. Timu ya ku Quebec inasamukira ku Denver mu 1995, ya ku Winnipeg inapita ku Phoenix mu 1996. Timu ya Pittsburgh Penguins inalephera kubweza ngongole mu 1998, ndipo katswiri wake Mario Lemieux, amene timuyo inali naye ngongole yaikulu ya malipiro, anasandutsa ngongoleyo kukhala gawo la umwini. Mu 2003 matimu a Ottawa ndi Buffalo naonso anagwa m'dzenje lomwelo.

ZIPATA ZITSEKEDWA CAKA CATHUNTHU

Mu February 2004 ligi inatulutsa lipoti la Arthur Levitt, amene kale anali mkulu wa bungwe la boma la America loyang'anira misika ya masheya. Lipotilo linati m'nyengo ya 2002–03 matimu onse pamodzi anataya madola 273 miliyoni, ndi kuti pa madola anai alionse olowa, atatu ankapita kwa osewera. Bungwe la osewera linakana, ponena kuti ligi ndiyo inalemba Levitt nchitoyo. Magazini ya zamalonda ya Forbes nayo inawerengera payokha nipeza kuti kutayako sikunafike ndi theka lomwe la cimene ligi inanena.

Kodi ziwerengero zingasiyane bwanji cotere? Mwini timu kawirikawiri amakhalanso mwini bwalo, mwina ndi mwini wailesi yakanema yoonetsa masewerawo. Ndalama za zipinda zapamwamba za oonerera olemera, za malo oimikapo magalimoto ndi za zakudya angathe kuzilemba m'mabuku a kampani ya bwalo, timu n'kumaoneka yosauka. Ici ndico osewera ankakayikira. Eni matimu nao ankaloza matimu amene anagwadi, nati: kodi amenewanso ndi bodza? Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo, koma panalibe buku limodzi limene onse akanalikhulupirira.

Eni matimu anafuna malire a malipiro, ndiko kuti ndalama zimene timu iliyonse singapyole polipira osewera ake onse. Goodenow anati zimenezo osewera sadzazibvomera. Pa 16 September 2004 zipata zinatsekedwa. Mu December osewera anadzipereka kuti malipiro ao adulidwe ndi maperesenti 24, malinga pasakhale malire, koma eni matimu anakana. Mu February 2005 bungwe linagonja pa mfundo ya malire nichula madola 49 miliyoni pa timu, ligi niima pa 42.5 miliyoni. Analephera kukumana pakati. Pa 16 February Bettman analengeza kuti nyengo yonse yafafanizidwa. Masewera 1,230 anapita m'madzi, ndipo NHL inakhala ligi yoyamba mwa maligi akuluakulu a ku North America kutaya caka cathunthu cifukwa ca mkangano wa anchito.

Osewera oposa 300 anapita kukasewera ku Ulaya, m'maiko monga Sweden, Russia, Switzerland ndi Czech Republic, kumene analanda malo a osewera a kumeneko. Eni matimu ambiri anali ndi malonda ena owadyetsa. Koma wogulitsa matikiti, wosesa bwalo, woperekera zakudya m'mabala a pafupi ndi bwalo, amenewa analibe Ulaya wothawirako ndipo panalibe mpando wao pa tebulo la zokambirana. Matimu ndi likulu la ligi anacotsa anchito ambiri. Njobvu zikamamenyana umabvutika ndi udzu.

Pangano linasainidwa mu July 2005, patapita masiku 310. Malire anaikidwa pa madola 39 miliyoni, ocepa kuposa amene bungwe linakana mu February, ndipo kudula kwa maperesenti 24 kuja kunakhalabe. Goodenow anatula pansi udindo mwezi womwewo. Aliyense anati osewera agonja kotheratu.

NKHOKWE IMODZI

Komabe m'pangano limeneli munali cinthu cimene Lindsay sanacione m'masiku ake. Mbali ziwirizi zinalemba mwatsatanetsatane ndalama zimene ziyenera kuwerengedwa monga zobadwa ndi hockey, nizigwirizana kuti akatswiri owerengera cuma oima paokha azifufuza mabuku caka ciliconse. Pa nkhokwe imeneyo osewera anapatsidwa maperesenti 54, okwera mpaka 57 ngati ndalama ziculuka. Malire a malipiro anamangiriridwa ku nkhokweyo: ikadzala malire akwera. Anaikanso malire a pansi, madola 21.5 miliyoni, kuti mwini timu woumira asamalipire mocepetsa, ndipo matimu olemera anayamba kugawirako osauka.

Popeza palibe amene angadziwe ndalama za caka cisanathe, gawo la malipiro a wosewera aliyense limasungidwa ngati cikole. Caka cikatha amawerengera. Ngati osewera alandira zopyola gawo lao, cikoleco cimapita kwa eni matimu, ngati ai cimabwezedwa. Osewera amadana naco cikoleci, pakuti ndalama yolembedwa pa pangano si imene imafika m'thumba.

Ogonja aja sanakhale ogonja nthawi yaitali. Ndalama za ligi zinakwera kucoka pa madola pafupifupi 2.1 biliyoni kufika pa 3.3 biliyoni m'nyengo ya 2011–12, ndipo malire anafika pa 64.3 miliyoni. Eni matimu anayambanso kuzembera lamulo limene analimenyera okha. Poti malire amawerengera pangano pogawa ndalama zake mofanana pa zaka zake zonse, ankalemba mapangano aatali ndi kuika zaka za malipiro ocepa kumapeto. Mu 2010 ligi inakana pangano la zaka 17 la Ilya Kovalchuk ndi timu ya New Jersey Devils. Mu July 2012 timu ya Minnesota Wild inapatsa osewera awiri, Zach Parise ndi Ryan Suter, mapangano a zaka 13 a madola 98 miliyoni aliyense. Patangopita miyezi iwiri eni matimu, kuphatikizapo wa Minnesota yemweyo, anatsekanso zipata ponena kuti osewera akudya zambiri.

Ulendo uno mtsogoleri wa osewera anali Donald Fehr, wocokera ku bungwe la osewera baseball. Mkanganowo unatha mu January 2013, masewera 510 atatayika, ndipo nyengo inafupikanso kukhala ya masewera 48. Anagwirizana zogawana pakati, theka kwa osewera theka kwa eni, naika malire pa utali wa mapangano. Tione kusiyana kwake ndi 2004. Tsopano sanali kukangana ngati nkhokwe ilipo kapena ngati mabuku ndi oona. Anali kukangana za kagawidwe cabe.

MLIRI UYESA PANGANO

Mu 2020 mliri wa Covid-19 unatseka mabwalo, ndipo masewera atayambiranso munalibe oonerera. Ndalama zinagwa, koma mapangano a osewera anali olembedwa kale. Malinga ndi lamulo la theka ndi theka, osewera anapezeka ali ndi ngongole ya madola pafupifupi 1 biliyoni kwa eni matimu. Mu July 2020 anagwirizana kuti ngongoleyo ibwezedwe pang'onopang'ono. Cikole cinaikidwa pa maperesenti 20 m'nyengo yoyamba, ndipo malire anaima pa madola 81.5 miliyoni kwa nyengo zitatu. Zinali zowawa, koma walira mvula walira matope. Amene afuna theka la zokolola pa caka ca mwana alirenji amasenzanso theka la cilala. Panalibe sitalaka, ndipo zipata sizinatsekedwe cifukwa ca mkangano.

Ngongoleyo itatha, malire anayambanso kukwera: 88 miliyoni m'nyengo ya 2024–25 ndi 95.5 miliyoni m'nyengo ya 2025–26. Mu 2023 bungwe linasankha Marty Walsh, amene anali meya wa Boston ndiponso nduna ya za anchito m'boma la America, kukhala mtsogoleri wake. Pakati pa caka ca 2025 iye ndi Bettman anamaliza pangano latsopano lofika mu 2030, kutatsala caka cathunthu kuti lakale lithe. Bettman yemweyo amene anatseka zipata katatu anasaina popanda kutaya ngakhale masewera amodzi.

ZOTSALA KUNJA KWA NKHOKWE

Tisafulumire kuimba nthungululu, pakuti si ndalama zonse zimalowa m'nkhokwe yogawana. Timu yatsopano ikamalowa mu ligi imalipira eni matimu akale. Ya ku Las Vegas, imene inayamba kusewera mu 2017, inalipira madola 500 miliyoni, ya ku Seattle mu 2021 inalipira 650 miliyoni. Pa ndalama zimenezi osewera salandirapo kanthu, ngakhale kuti timu yatsopano imabweretsa malo atsopano a nchito. Ndiponso mwini akagulitsa timu yake pa mtengo woposa umene anagulira, phindu lonse ndi lake. Malire a malipiro athandiza kukweza mitengo ya matimu, cifukwa wogula amadziwiratu kuti anchito sadzadya zopyola theka.

Palinso nkhani ya thupi la wosewera. Osewera akale oposa 300 anasumira ligi ponena kuti sinawacenjeze mokwanira za kuopsa kobvulala m'mutu. Mu 2018 mlanduwo unathera kunja kwa khoti, aliyense napatsidwa madola pafupifupi 22,000 ndi thandizo lina la cipatala, ligi osabvomera kulakwa. Mwini timu angakhale nayo timu zaka 30 naisiyira ana ake. Wosewera ali ndi mutu umodzi ndi maondo awiri, ndipo zikatha zatha.

Cotero sitinena kuti kumeneko cilungamo cakwanira. Cimene tinena ndi cakuti mtendere umene ulipo sunabwere cifukwa mbali ina inasanduka yacifundo. Unabwera pamene bwana analola kuti mabuku atsegulidwe, ndipo wanchito anabvomera kuti zolembedwa m'mabukumo zimukhudza pa zabwino ndi pa zoipa pomwe. Kuti afike pamenepo panapita zaka pafupifupi 50, mtsogoleri wa anchito mmodzi analowa m'ndende, ndipo anthu wamba ambiri anataya nchito pa mlandu umene sunali wao. Bungwe la anchito limene silifunsa atsogoleri ake za ndalama limaweta fisi m'khola, ndipo bwana wobisa mabuku asadabwe anchito akapanda kumukhulupirira pa tsiku limene anena zoona.

Mu 2010 bungwe la osewera linasintha dzina la mphoto imene osewera okha amapatsa mnzao wopambana onse pa caka, niicha Ted Lindsay Award. Lindsay anali ndi moyo, naona ndi maso ake. Anamwalira mu 2019 ali ndi zaka 93.